Supuni ya mu Uvuni

"Zikundikhala, eti?" anafunsa azakhali, akupotoza khosi pagalasi. Ndolo zachikasu zinkalendewera m'makutu mwawo, zina zili m'manja.

Nesi, mwana womaliza wa malemu, yemwe onse ankamutchula ndi ntchito yakeyo, anaima pakhomo la kachipinda komwe mayi ake ankaumbiramo. Panali patangopita masiku atatu chiikireni maliro. Azakhali omwewa ndi amene kwa zaka zambiri ankati, "Munthu wamkulu kumaseweretsa dongo la pulasitiki ngati mwana wa mkaka!" Lero chikwama chawo chinali chitatupa ndi mikanda.

"Vulani, azakhali. Si zanu."

"Aa, iwe! Ndisakhale ndi chikumbutso cha mlamu wanga?"

Achimwene ake a Nesi anali atagwada, akukokolera m'thumba la zinyalala chilichonse chosawala: timipeni, zikombole, zidutswa za dongo lofewa.

"Muno ndiikamo matayala," anatero osadzutsa mutu. "Anzawo a mayi aja akabwera Loweruka, uwauze kuti sukulu yatsekedwa."

Anaseka okha. Podzuka anaponda duwa lofiira la dongo losaotcha, linamata kunsi kwa nsapato ngati chingamu, iwo n'kulipalira pamwendo wa tebulo. Nesi anayang'ana kumbali.

Koma anzawo aja sanadikire Loweruka. Anagogoda masana omwewo, anthu atatu: aphunzitsi opuma ntchito, telala wina, ndi mayi wachikulire yemwe dzanja lake lamanja linapindika atadwala sitiroko. Kwa zaka zisanu ankasonkhana m'kachipindaka kukanda dongo, kugawana mitundu, n'kumaotcha zoumba zawo mu kauvuni ka malemu, miseche ili m'kati.

"Mwachedwa," anatero azakhali, atakumbatira chikwama. "Zokongola zonse ndi za banja."

"Sitinabwerere ndolo, mayi," anayankha aphunzitsi. "Tabwera kudzaotcha zimene mnzathu anasiya. Dongo losaotcha silichedwa kugwira fumbi."

Telala anatsegula kauvuniko. Pathireyi panali chinthu chimodzi chokha: supuni yodyera, chogwirira chake atachikutira ndi dongo lotsalira la mitundu yonse, mpaka linasanduka lotuwa ngati matope. Chinali chonenepa, chokhota, chokhala ndi maenje anayi.

"Fuu! Chonyansachi n'chiyani?" anakuwa azakhali. "Ngati zimene galu wasiya panjira."

Achimwene anayasamitsa thumba la zinyalala, koma Nesi anawatsekereza ndi mkono. Anali atagwira manja ambiri a odwala, ndipo maenje aja sanamusokoneze. Anatembenukira kwa mayi wachikulire uja.

Mayiwo anayang'anitsitsa supuniyo. "Loweruka lomaliza mayi anu anandipatsa mpira wa dongo, akuti finyani. Ine ndimayesa akundilimbitsa zala. Ndinangowauzapo kamodzi, kalekale, kuti ndimachita manyazi kudyetsedwa ndi mpongozi wanga."

Azakhali anayamba kufunafuna chinachake m'chikwama, ndolo zikugwedera.

Nesi ananyamula supuniyo mosamala, poti dongo linali lofewabe. Anatambasula zala zopindika zija chimodzichimodzi, n'kuiika m'dzanjamo. Chala chilichonse chinapeza dzenje lake. Mayiwo anakweza supuni yopanda kanthu mpaka pakamwa, okha.

"Imafunika mphindi zingati mu uvuni?" anafunsa Nesi.

"Makumi atatu," anatero telala. "Moto wochepa. Mayi anu ankadana ndi zopupuluma."

Nesi anabwezera supuniyo pathireyi, natseka chitseko cha kauvuni pang'onopang'ono, n'kuyatsa.