Ndili Bwino, Kaya Inu

Mayi anga anasiya kundilankhula tsiku lomwe sukulu inandibweza ndi kalata. Sanandimenye ayi, bola akanandimenya. Anawerenga kalata ija ali chiimire, n'kuipinda kanayi, n'kuitsindira ndi wailesi. Kuyambira pamenepo mawu awo ankapita kwa zinthu za m'nyumba. Ankauza ndowa kuti madzi atha. Ankauza chitseko kuti munthu akatuluka azitseka. Ine ndinkamva, n'kukatunga, n'kutseka. Nyumba ya zipinda ziwiri, anthu awiri okha, miyezi inayi yathunthu! Mukuyesa masewera?

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, mimba ya miyezi isanu ndi iwiri. Za mwini mimba musandifunse, mungandiputire mkwiyo. Iye anali akadali pa desiki yake kukopera notsi, ndipo tikakumana pamsewu ankapeza zosangalatsa kwambiri mu foni yake.

Ndiye miyendo itayamba kutupa, ndikanauza ndani? Ndowa? Mutu nawo unkagunda osaleka, m'maso n'kumadutsa tinthu tonyezimira ngati munthu wayang'ana dzuwa. Mayi ankalawira ku nyumba ya alendo kumene amachapa ndi kusita, n'kubwera madzulo manja atatuwa ndi sopo. Ankandipeza pakona, miyendo nditaifunditsa nsalu. Ndinkaibisa dala, koma mumtima ndinkalakalaka atavundukula okha. Ndinkafuna andiyang'ane, anene kanthu kwa ine, ngakhale kunditukwana kumene.

Lachitatu linali tsiku la sikelo. Kumeneko kuli lamulo loti obwera ndi amuna awo ndiwo amayamba kulowa. Enafe timadikira pa benchi mpaka matako achite dzanzi, ndipo ine nthawi zonse ndinkakhala kumapeto kwenikweni, pafupi ndi bini.

Azimayi a pa benchi sanyong'onyeka akaona kamtsikana konga ine.

"Aka kanadya mfulumira," anatero wina, amene ankadzitama kuti iyi ndi mimba yake yachisanu. "Taonani mapaziwo! Kutupa kotereku ndi mwana wamwamuna ameneyo."

"Kapena mapasa," mnzake anawonjezera. "Usalire, mwana. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima."

Anaseka mpaka kuombana m'manja. Zomwe ine ndinawayankha mumtima sindingazibwereze pano.

Anesi a kusikelo anali mayi wonenepa, wa magalasi omangirira chingwe. Ukalowa ankati, "Muli bwanji, mayi?" maso ali m'buku, cholembera chikuyenda. Tsono ine ndinaleredwa. Munthu wamkulu akakupatsa moni suyamba kumuwerengera mavuto ako. Ndinapinda bondo pang'ono monga ndinkachitira maulendo onse.

"Ndili bwino, kaya inu."

"Ndili bwino. Khalani apo, mkono kuno."

Anandikulunga lamba woyezera kuthamanga kwa magazi pamkono, makina n'kuyamba kufinya. Atasiya, anesi anayang'ana manambala, n'kudinanso kachiwiri. Kenako anaika cholembera pansi. Anawerama, anakweza nsalu yanga, n'kudina chala pamwamba pa phazi. Atachotsa chala, panatsala dzenje lomwe silinabwerere.

"Iwe," anatero, magalasi atagwera pachifuwa. "Iwe mwana iwe, mutu ukukupweteka?"

Kaya chinandigwira n'chiyani. Mwina ndi "iwe" ameneyo, poti panali patapita miyezi munthu wamkulu asanandiyang'ane m'maso n'kunditchula choncho. Ndinangoyamba kulira, kulira konyansa kwa mamina, ndikunena zonse: mutu, maso, kupweteka kwa pansi pa nthiti, masabata atatu.

"Masabata atatu! Nanga bwanji sunanene? Si ndakufunsa pompano kuti uli bwanji?"

"Ndimayesa moni."

Anesi anagwira pakamwa. Ndinkayesa aseka, koma sanaseke.

"Mayo ine," anatero chapansipansi. "Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikungopatsa ana a eni moni."

Anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana nane. Anandiuza kuti magazi anga akuthamanga moopsa, ndipo vuto limeneli limakonda mimba yoyamba, makamaka kwa atsikana amene thupi silinakhwime. Anati likalekereredwa munthu amatha kukomoka n'kuyamba kuphupha, ndipo pamenepo moyo wa mayi ndi wa mwana umakhala pangozi.

"Kunyumba subwerera lero, tikugoneka. Koma pakufunika munthu wako woti azikuyang'anira. Tiyimbire ndani?"

Ndinayang'ana pansi. Nambala yomwe ndinkaidziwa pamtima inali imodzi yokha, ndipo ndinaitchula.

Anayimba ine ndili pomwepo. Ndinkangomva mbali yawo. "Ee, ndi kuchipatala kuno. Ayi, sanabereke, koma sali bwino. Ee. Wodi ya amayi oyembekezera." Kenako anachotsa foni kukhutu n'kuiyang'ana.

"Akuti bwanji?" ndinafunsa.

"Akuti amva."

"Akubwera?"

"Akuti amva, mwana wanga."

Anandipatsa bedi la pafupi ndi khomo, pomwe aliyense wolowa amayamba kuona iwe asanaone wodwala wake. Anandibaya jakisoni wowotcha thupi lonse, n'kundimwetsa mapiritsi. Masana belu la oona odwala litalira, anthu anakhamukira mkati ndi mabasiketi ndi mafulasiki. Amuna, apongozi, azichemwali, ena mpaka anayi pa bedi limodzi, kukangana za dzina la mwana yemwe sanabadwe n'komwe. Chitseko chikati kwee, ine mtima phaa, kenako n'kuona kuti ndi wa eni. Nditatopa ndinatembenukira kukhoma. Pakhomapo panali chithunzi cha mayi woyamwitsa akumwetulira, mwamuna atamugwira paphewa, ndipo ndinadana nacho chithunzi chimenecho.

Apongozi a mayi wa bedi loyandikana nane anandigwedeza. "Mtsikana, tiyi uyu. Kwanu sanabwere?"

"Akubwera. Zikomo, ndakhuta."

Bodza lenileni, kukhosi kunali gwaa. Koma kulandira kapu imeneyo kukanakhala kuvomera kuti ndilibe munthu, ndiye ndinakana. Ndinali ndekha, ndipo ndinkachita mantha kuti ndifa anthu a eni akundiyang'ana.

Belu la madzulo linalira faifi koloko. Ulendo uno sindinayang'ane n'komwe kuchitseko. Anthu analowa, anadya, anapemphera, ena anayamba kutsanzika. Kenako ndinamva fungo la sopo wochapira.

Mayi anali ataima kumiyendo kwa bedi, akadali mu yunifolomu yakuntchito, beseni m'manja, jumbo lili m'besenimo. Maso awo anali pa beseni.

"Beseni ili likhale pansi pa bedi," anauza beseni. "Mujumbomu muli nsalu ziwiri ndi kapu."

Mkwiyo unandikwera mpaka m'makutu. Ulendo wonsewu kudzalankhula ndi beseni? Ndisanatsegule pakamwa, anesi a magalasi aja anatulukira, chikwama chili paphewa, akuweruka. Sanapereke moni kwa aliyense. Anangogwira chofunda changa n'kuchivundukula mpaka m'mawondo.

"Mayi, taonani miyendo ya mwana wanu."

Anatero basi, n'kumapita.

Mayi anayang'ana. Anayang'ana nthawi yaitali. Anaika beseni pansi, n'kugwira phazi langa ndi manja onse awiri, manja okhakhala, otentha ndi simbi.

"Zayamba liti izi?"

Ndinacheuka kuona ngati anesi abwerera. Kunalibe. Ankafunsa ine.

"Masabata atatu."

"M'nyumba mwanga momwe? Ine ndili momwemo?"

"Munali momwemo."

Ndinayankha mwamwano, ndikudziwa, ndipo ndinadikira kuti andikalipire. Iwo anangokhala m'mphepete mwa bedi, phazi langa lili pamiyendo pawo, n'kumalisisita pang'onopang'ono kuchokera kuzala. Sanapepese, inenso sindinapepese. Tinakhala choncho mpaka mlonda anayamba kuomba m'manja kuti nthawi yatha.

"Abwana andikaniza tchuthi," anatero mayi osandiyang'ana. "Akuti ndikajomba mawa ndisabwererenso. Ndizibwera madzulo ndikaweruka. Masana uzikhala wekha, wamva? Ukamva chilichonse uziitana anesi, usamachite manyazi."

"Ndamva."

Anawerama kuti akankhire beseni pansi pa bedi, ndipo kumeneko anapeza nsapato zanga zakusukulu. Ndinali nditazidula kumbuyo ndi mpeni, n'kuzing'ambanso m'mbali, kuti mapazi azilowa. Anatola imodzi, anaitembenuza, analowetsa chala pong'ambika paja. Kenako anakhuthulira za mu jumbo lija m'beseni, anaponyamo nsapato zonse, anavula patapata wawo, n'kumuika bwinobwino pansi pomwe ndingatsikire.

"Uzivala uyu popita kubafa. Simenti ya muno ikuzizira."

"Nanga inu?"

Anandifunditsa miyendo, n'kunyamuka, jumbo la nsapato zodulidwa lili m'manja. Pakhomo mlonda anawayang'ana kumapazi, iwo osasamala. Kuchokera kuchipatala kukafika kwathu ndi ulendo wa ola lathunthu, ndipo msewu wake ndi wa miyala.