Woyambitsa Nyimbo za ku Mwase

Amake Temwani anayamba kuyambitsa nyimbo za amayi a Umanyano, bungwe la amayi a mpingo, Temwaniyo ali kumbuyo, ndipo lero mwanayo ameta ndevu. Ntchito imeneyi ioneka yaing'ono kwa amene sanaiyese. Woyambitsa ndiye asankha poyambira. Akayambira pansi kwambiri, nyimbo imakwawa ngati ng'ombe yodwala. Akayambira pamwamba, pofika pokwera amayi amagwira makosi. Amake Temwani ankadziwa khosi la mayi aliyense mumpingomo monga adziwira mapoto awo, ili lodontha, ili lopanda chivindikiro.

Ndiye kunabwera Ba Beverly a ku Chipata, mkazi wa aphunzitsi atsopano. Lachinayi lina amake Temwani anachedwa ndi tomato wawo kumsika. Pofika kutchalitchi anapeza nyimbo ikuyenda, yayambitsidwa ndi mlendoyo, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene anacheukira kukhomo.

Kunyumba, amuna awo Ba Mizeck anali kukonza njinga.

"Nimvela ati aimba bwino amai a ku Chipata aja," anatero osadzutsa mutu.

Mawuwo pawokha analibe mlandu. Koma bwino ameneyo anamukoka, namukweza kumapeto ngati munthu wolawa uchi. Bwino amene amake Temwani ankalandira anali wamfupi, wogwa pansi ngati chikuni: ndiwo zili bwino, malaya ali bwino.

"Bwelezani," anatero.

"Nibweleze chani?"

"Bwino wanu uja. Munali kumusunga kuti zaka zonsezi?"

"Imwe amake Temwani, nipatseniko sipanala."

Mwezi womwewo kunali msonkhano waukulu ku Mwase, kumene amayi a mpingo uliwonse amalowa akuimba, woyambitsa ali patsogolo. Malo amenewo anali a amake Temwani chiyambire. Koma Ba Jemima, a pampando, ananena kuti Lachinayi lotsatira awiriwo ayambitse nyimbo yolowera, wina pambuyo pa mnzake, amayi amve.

Amake Temwani anachapa, anaphika, anakalipira mbuzi, mutu uli pa chinthu chimodzi. Mlendoyo nthawi zonse ankayambira pakatikati, pabwino, posavuta. Sanamumvepo akukwera. Munthu wokhala pakati chonchi ndiye kuti pamwamba alibe. Basi, amutengera komweko, aliyense amve akulephera.

Tsikulo Ba Beverly anayamba, pakatikati pawo pomwepo. Nyimbo inadzaza tchalitchi, ndi Ba Yunike omwe, opanda mano aja, anaimba mpaka kugwedeza mapewa.

Kenako amake Temwani anakonza duku, nakoka mpweya, naiponya pamwamba nyimboyo. Mzere woyamba amayi anatsatira, maso ali tong'o. Pofika pokwera Ba Norah anasiya. Ba Irene anayamba kutsokomola. Ba Yunike anangokhala pansi n'kuyamba kufuna mpango m'chikwama. Amake Temwani anamva misempha ya m'khosi ikulimba, koma kubwerera kunalibe. Pambali pawo panatsala mawu amodzi okha, okwera mosavutika, ndipo anali a munthu yemweyo anamutchera msampha. Mawu a amake Temwani atasweka ngati bango, Ba Beverly anainyamula nyimboyo okha mpaka kumapeto, chikwama chili pamkono, thukuta ayi.



"Yewo, amake Temwani," anathokoza Ba Jemima.

Yewo ameneyo amake Temwani anamudziwa. Ndi yemwe iwo amapatsa mwana wobwera ndi madzi theka la ndowa.

Kenako Ba Jemima anatembenukira kwa mlendoyo. "Ba Beverly, yewo chomene. Ku Mwase muzayambitsa ndimwe. Muyambile paja mwayambila, tonse tifikepo."

Panja mlendoyo anathamangira amake Temwani nawagwira dzanja.

"Amama, koma mawu muli nawo! Ine nenze kuopa kuti nizagwa panjila."

Amake Temwani anamvetsera bwinobwino, kufufuza chipongwe m'mawumo monga asankhira miyala mu mpunga. Sanachipeze. Mkaziyo ankanena zoona, ndipo icho ndicho chinawawa koposa.

"Nasiya nyemba pamoto," anayankha, nanyamuka.

Madzulo, akutsuka mbale kuseli kwa khitchini, nyimbo ija inatuluka yokha m'kamwa. Inayenda mofewa, khosi osamva kanthu, pokwera n'kukwera ngati potsika. Anafika pakati asanazindikire kuti ayambira pomwe anayambira Ba Beverly.

Ba Mizeck anaimitsa chopopera.

"Apo ndiye bwino," anatero, namukoka, namukweza kumapeto.

Amake Temwani anatseka pakamwa. Anakhuthula madzi a mbale pafupi kwambiri ndi mapazi a amuna awo.

"Chotsani njinga yanu pakhomo, anthu apite."