Malaya a Nsalu Imodzi

Ntchito ya a Chancellor inali kuima pakhomo ndi kugwira chingwe chofiira chokhala ndi kambedza kachitsulo kumapeto. Akachikoleka, munthu salowa. Akachimasula, munthu atsike masitepe akavine. Anabwera ku Dubai tsitsi lili bii, akuti akhala pang'ono, amange nyumba ku Ntcheu, abwerere. Tsopano mutu unali mbuu, nyumba ija inaimira pa mawindo, ndipo achibale ankati simenti inaumira m'matumba. Kuyambira pamenepo sanakhulupirirenso munthu wolankhula bwino.

Holo yovinirayo inali pansi pa kahotela kena ku Al Muraqqabat. Masiku ena munkadzaza anthu a mitundu ina, koma Lamulungu masana munali mwa Amalawi ndi anzawo a ku Zambia, pakuti ndiyo nthawi yokha imene atsikana ogwira ntchito m'nyumba za anthu amamasulidwa. Nyimbo zinkayamba dzuwa lili paliwombo, ndipo lisanalowe aliyense ankathamangira sitima kuti madamu asakakalipe.

Lamulo la pakhomo linali limodzi: mwamuna salowa wopanda mkazi. Manejala ankati amuna okhaokha amabweretsa ndewu. A Chancellor sankalikonda lamuloli, komanso sankalida. Malamulo onse amene anawaona pa moyo wawo anapangidwa ndi anthu okhala pa mpando kuti azivutika nawo oimirira. Chimene chinkawasowetsa tulo n'chakuti sabata yathayo manejala anawauza kuti akadzapezanso mwamuna wopanda mkazi pansipo, khalas, zatha basi, chingwe apatsa mnyamata wina, iwo akaime kunja koimika magalimoto. Kunja kumeneko mu Julayi phula limafewa mpaka kumata nsapato. Pakhomo panali mthunzi, kamphepo kozizira kochokera m'kati, ndi kampando kopumitsirapo mawondo manejala akapotoloka. Munthu wa msinkhu wawo akataya zimenezo ndiye kuti wayamba kulongedza.

Mwa anthu amene sankajomba Lamulungu munali Robert, wokonza makompyuta ku Silicon Oasis, ndi Watipaso, wogulitsa nsapato mu sitolo ina ku Al Barsha. Ankabwera ndi atsikana awiri olera ana, Everlyn ndi Stellah. Pakhomo Robert ankagwira Everlyn dzanja, Watipaso n'kumunyamulira Stellah chikwama. Akangotsika masitepe, atsikanawo ankathamangira kovina, anyamatawo n'kukakhala kuseri kwa chipilala ndi mbale imodzi ya tchipisi. A Chancellor sanali mwana. Anaona kalekale mmene Robert ankasankhira tsabola m'mbalemo asanamukankhire mnzakeyo, ndi mmene Watipaso ankamuyang'anira Robert akamaseka. Sankazimvetsa, ndipo sankafuna kuti wina awafotokozere. Koma awiriwa sanasanzepo pa masitepe, sanakokepo mtsikana pa mkono, ndipo sankadutsa osapereka moni. Ngakhale moniwo a Chancellor ankaukayikira, poti wopereka moni wabwino amakhala akufuna kanthu. Anadikira ndithu kuti tsiku lina apemphedwa chinthu, koma sanapemphedwe.

Lamulungu limeneli kunali gulu loimba la Lubasi, mnyamata wa ku Lusaka, ndipo mzere unafika mpaka pa msewu. A Chancellor atakweza maso anaona Robert ndi Watipaso akubwera okha, atavala malaya a chitenje chimodzi, chobiriwira chokhala ndi nkhanga zachikasu. Mabatani ofanana, kolala yofanana. Mmwenye kapena Mwarabu akanangoti ndi anthu a timu imodzi. Koma Mmalawi aliyense amadziwa amene amasoketsa nsalu imodzi: mwamuna ndi mkazi wake, popita ku chinkhoswe kapena ku ukwati, kuti anthu aone kuti awa ndi a nyumba imodzi.

Robert anayandikira n'kufotokoza motsitsa mawu. Nsaluyo inachokera kwa mlongo wake wa Watipaso ku Mzuzu, ndipo telala anasokapo malaya awiri ndi madiresi awiri, kuti anthu anayi aoneke ngati mabanja awiri. Koma madamu a Everlyn ndi a Stellah, omwe anali pachibale, analandira alendo ndipo anakana kuwamasula. Uthenga unawapeza anyamatawo ali kale m'sitima.

"Ndiye nzeru yobwerera kukasintha inakusowani?" anafunsa a Chancellor. "Masitolo onsewa, osagula ngakhale kasikipa?"

Watipaso anayankha kuti malaya ndi malaya, ndipo anawasita yekha m'mawa.

Pafupi ndi chingwe panali Kenny, dalaivala wa bwana wina wa ku Al Barsha. Lamulungu lililonse ankabwera, ndipo Lamulungu lililonse ankabwezedwa, chifukwa panalibe mtsikana wovomera kulowa naye. Manja ake ankadziwika ndi kugwiragwira atsikana. Ankangozungulira pakhomopo, kupempha fodya ndi nambala ya wayifayi. Atawaona awiriwa anaseka mpaka kugwira mawondo, kenako anatulutsa foni n'kuyamba kujambula.

"Madala, atsegulireni awa, banja ndi limeneli," anatero. "Koma atiuze kaye, mayi a pa nyumba ndi ati? Tidziwe woti tizimutchula mlamu."

Ena pa mzere anaseka, ena anayang'ana kumbali. Kenny anati vidiyoyo aiponya pa gulu la Amalawi a ku Dubai, kuti anthu aone chinkhoswe chimene sanaitanidweko. A Chancellor ankalidziwa gulu limenelo. Munali akuluampingo, anzawo a kuntchito, ndi anthu amene chilichonse amachitumiza kumudzi dzuwa lisanalowe. Ndipo m'dziko lino nkhani yotere sithera pa kuseka. Imafika kwa bwana, ikhoza kufika kupolisi, munthu n'kukapezeka m'ndege ndi kachikwama kamodzi. Robert nkhope inali itachita kale thukuta.

A Chancellor anatukwana chamumtima. Anatukwana Kenny, telala, madamu aja ndi alendo awo, ndi mlongo wa ku Mzuzu amene anasowa chotumiza. Kenako anaona anyamata a Lubasi akutsitsa masipika otsala m'galimoto n'kumalowera khomo lakumbuyo, ndipo nzeru inawabwerera. Oimba amalowa opanda akazi, ndipo oimba amavala zofanana. Anakokera awiriwo pambali n'kuwauza kuti aliyense anyamule sipika, alowere kumbuyo, manejala aziti ndi a bandi. Kenny vidiyo yake isanduka ya anthu onyamula katundu. Robert anavomera asanamalize n'komwe.

Watipaso sanasunthe.

"Madala, ine sabata yonse ndimagwada kuveka anthu nsapato," anatero. "Lero sindisenza katundu wa munthu kuti ndimve nyimbo. Ndilowera pomwe ndimalowera masiku onse."

A Chancellor anamuyang'ana ngati amumenye. Munthu ukumuwolotsa, iye akusankha pomwe apondere! Anamuuza kuti ngati ndi choncho azipita kwawo, iwo alibe nthawi ya ana onyada. Watipaso anati akhoza kubwezedwa, limenelo ndi lamulo, koma abwezedwe pakhomo pomwe abwezedwera amuna ena onse. Robert anamukoka malaya, kenako anakumbukira foni ya Kenny n'kuchotsa dzanja msangamsanga ngati wagwira moto.

Nthawi yomweyo takisi inaima, munatuluka azungu awiri ovala makabudula ndi majezi ofanana a timu ya mpira. Manejala, amene maso ake sankaphonya mzungu, anakwera masitepe akuthamanga. Analanda chingwe m'manja mwa a Chancellor, n'kuchimasula yekha, akuwanyengerera ngati abwenzi ake, habibi apa, habibi apo. Azunguwo analowa akuseka. Mkazi panalibe, ndipo palibe anawafunsa. Pobweza chingwecho manejala analoza Kenny, Robert ndi Watipaso ndi chibwano, nati yalla, anthu atatu awa achoke pakhomo, akutchingira makasitomala. Anatsikanso.

A Chancellor anatsala ndi kambedza kaja m'dzanja. Sikanali koyamba kuona zimenezi, anaziona mpaka kutopa. Koma lero amuna awiri ovala zofanana analowa akugwirana mapewa, pomwe amuna ena awiri ovala zofanana anaima pa dzuwa akujambulidwa ngati mbava. Anayang'ana kampando kawo. Anayang'ana kunja, kumene phula linkanyezimira ngati lathiridwa mafuta. Anadzifunsa kuti ana amenewa ndi ndani kwa iwo. Sanali akwawo, sanali a mpingo wawo, ndipo mmodziyo analibe ndi ulemu womwe womvera malangizo a munthu wamkulu. Koma vidiyo inali m'foni, ndipo ankadziwa chinthu chimodzi: Kenny sankakhala ndi bandulo. Ikanatumizidwa akangopeza wayifayi, pa sitima kapena kunyumba ya bwana wake.

Anamuitana Kenny ndi chala n'kumufunsa ngati akufuna kulowa. Kenny anayang'ana uku ndi uku, kuganiza kuti akumuseka.

"Fufuta chimenecho, ulowe," anatero a Chancellor.

Kenny anaima kaye. Pansi gitala linali litayamba kulira, atsikana akukuwa, ndipo iye anali asanapondepo masitepe amenewo chaka chino. Anafufuta. A Chancellor mafoni sankawadziwa, koma ankadziwa anyamata, ndipo anamva kuti chofufutidwa chimakabisala pena. Analanda foniyo n'kumupatsa Robert kuti afufuze paliponse. Robert anapeza pomwe inabisala, naifufutanso. Pobweza foniyo a Chancellor anamuuza Kenny kuti pakamwa sangamutseke, koma akangomva nkhani ya nkhanga pa gulu lija, iwo akudziwa galimoto ya ndani imene Lamulungu imanyamula anthu ngati takisi mwini wake akugona, ndipo nyumba ya mwiniwakeyo sivuta kupeza. Kenny anati iye ankangocheza, madala nawonso.

Anamasula chingwe. Kenny anatsika ngati akuthamangitsidwa. Robert anatsatira atazolika. Watipaso anaima n'kunena kuti zikomo madala.

"Usandithokoze iwe," anatero a Chancellor. "Wandichotsa pa mthunzi ndi nkhanga zakozo. Lowa."

Nyimbo yoyamba isanathe, manejala anali atakwera, maso ali psuu. A Chancellor anamusiya alalate mpaka mpweya umuthere, kenako anamufunsa kuti akazi a azungu aja ali kuti, kuti akawatsegulire nawonso. Manejala anangotambasula dzanja, iwo anaikamo chingwe.

Lamulungu lotsatira linawapeza kunja, atavala chovala chachikasu chonyezimira, wezulo ali pakhosi. Mpweya unali ngati wochokera mu uvuni wa njerwa. Mawondo anayamba kulira nthawi ya nkhomaliro isanakwane, ndipo pokhala panalibe. Woyamba kuwalankhula anali Kenny, amene mnyamata watsopano wa pakhomo anamubweza. Anabwera kudzadandaula kuti madala anamulawitsa chinthu n'kumusiya, ndiye amuthandize kulankhula ndi mnyamatayo. A Chancellor anamuimbira wezulo kukhutu mpaka anachoka.

Kenako anatulukira anayi aja, onse mu nsalu ya nkhanga, madiresi ndi malaya, anthu mumsewu akuwacheukira. Everlyn anawapatsa botolo la madzi ozizira n'kupepesa kuti zonsezi zinayamba ndi madamu ake. A Chancellor anati madzi sabweza ntchito, koma anamwa mpaka theka. Watipaso anatulutsa kanthu m'thumba. Chinali chipewa cha mlomo waukulu, chosokedwa ndi nsalu yotsala.

"Ukufuna Kenny adzati tsopano tilipo atatu?" anatero a Chancellor.

Stellah anaseka mpaka kutsamira galimoto ya eni ake. Watipaso anati telala anayeza mongoganizira, ngati chathina akachikulitsa. Anachiika pa mpanda n'kutsatira anzake.

A Chancellor anawaperekeza ndi maso. Atatsala pang'ono kufika pakhomo, Robert anagwira Everlyn dzanja, Watipaso analandira chikwama cha Stellah, ndipo mnyamata watsopano uja anamasula chingwe osawayang'ana n'komwe. Zonse zinali zitabwerera m'malo mwake, lamulo, manejala, atsikana obwerekedwa, mbale ya tchipisi kuseri kwa chipilala. Amene anasuntha anali iwo okha.

Chipewa chija anachisiya pa mpanda, akuchiyang'ana cham'mbali. Dzuwa litafika pa dazi penipeni, anasuzumira kukhomo, anasuzumira kumsewu, n'kuchivala. Chinali chothina. Anatukwana telala, n'kuimbira wezulo galimoto ina imene inkafuna kuima pamalo a anthu awiri.