Mikoko Yosadyedwa ya ku Tanga

Nyanja yamchere inafika ku Mponela Lachinayi masana, a Jailosi Kapalamula atakhalira sutikesi ya mwana wawo.

Anaikhalira dala. Mwandida, mwana wawo mmodzi yekhayo, anali atapeza malo ku Tanga, kugombe la Tanzania, m'munda wosungira mitengo momwe ankafuna kukachita kafukufuku, ndipo basi inali yonyamuka dzuwa likapendeka. Bambo akewo sanakane ndi pakamwa, poti sanali munthu wa mikangano. Anangokokera sutikesiyo pakhonde, nkukhalapo, nkutsamira khoma, amvekere, "Mpando uwu ndiye wandikwana msana. Unali kuti masiku onsewa?" Basi nkutseka maso.

Madziwo anabwera ndi msewu wa ku Kasungu. Anaima pang'ono pachigayo kuti ngolo idutse, kenako anakhotera kwa a Kapalamula. Atafika pakhonde anati, "Odi."

"Lowani," anatero a Jailosi, "koma nkhuku musazinyowetse."

Madzi analowa mpaka m'maondo, ofunda ngati tiyi wotsala. Ankanunkha matope ndi kokonati wowola, fungo lomwe a Jailosi analisiya tsitsi lisanayambe kuwathawa. Chitseko cha pabalaza chinatseguka chokha, ndipo m'malo mwa mipando munali kamlatho kamatabwa kolowera pakati pa mitengo yoima ndi mizu pamtunda. Iwo sanadzuke. Sutikesi inangoyandama nawo nkulowa.

Mundawo ankaudziwa ngati m'thumba mwawo. Ali mnyamata, sukulu itawakana ali sitandade sikisi, anakwera malole osawafunsa komwe akupita mpaka anakathera ku Tanga. Mkulu wa mundawo, Mayi Mwanaisha, anawafunsa m'Chiswahili ngati mikoko ankaidziwa.

"Mikoko? Kwathu timadya, mayi. Ine ndekha umodzi sugona."

Iwo ankanena mikoko ya nthochi. Kumeneko mkoko ndi mtengo womera m'matope amchere, woti ngakhale mbuzi yanjala imaulambalala. Mayiwo anaseka mpaka kugwira mpanda, nkuwalemba ntchito yoperekeza ana asukulu odzaona mundawo, ati munthu wa bodza lokoma chonchi ndi amene ana angamumvere. M'mawa mwake a Jailosi anapita kuntchito osadya kanthu, kusungira malo m'mimba. Kuyambira tsikulo dzina lawo linali Bwana Ndizi, ndizi ndiye nthochi m'chinenero cha kumeneko.

Mayi Mwanaisha anamwalira kalekale, koma tsikuli anali chiimire m'madzi, akuyeza chiuno cha mtengo ndi tepi yawo yachikasu. Manambala ankalemba ndi chala pamwamba pa madzi, ndipo madziwo ankawasunga.

"Mwachedwa, Bwana Ndizi. Ana akudikira."

"Ndinatsekeredwa ku Mponela, mayi."

"Anakutsekerani ndani?"

"Ndinadzitsekera ndekha. Kiyi ndiye ndinataya."

Anawo anali nkhanu. Zinakhala m'mizere pamatope, zitavala yunifolomu yabuluu yochita kusita. Nkhanu za kumeneko zili ndi dzanja limodzi lalikulu kuposa linzake, ndiye kalasi yonse inali itakweza mkono ngati ana odziwa yankho.

A Jailosi anakonza kukhosi, mawu akale nkubwera okha. Anaziuza kuti mizu imeneyi ndiyo imagwira dothi kuti nyanja isadye mudzi, ndi kuti nsomba zonse zazikulu zomwe makolo awo amadzitama nazo zinakulira m'menemu, kubisala ngati ana othawa kusamba. Anathothola tsamba nkuzinyambititsa kuti zimve mchere womwe mtengo umalavula.

"Aphunzitsi," inafunsa nkhanu ya kutsogolo, "n'chifukwa chiyani mtengowu sukhala pansi?"

"Ndi mkamwini ameneyu. Sadziwa tsiku lomwe amuthamangitse, ndiye amagona chiimire."

Nkhanu zinaseka powomba manja aakuluwo. A Jailosi anamva kukoma komwe anali atakuiwala, kwa munthu woti akalankhula kalasi yonse imatsegula pakamwa.

Sutikesi inayandamabe mpaka inakagunda mtengo waukulu kuposa yonse, kumapeto kwa kamlatho. Pamizu yake panakhala Anangozo, mkazi wawo, akuluka timizu tating'ono ngati tsitsi la mwana. Anali ndi nkhope yomwe ija ya chaka chomwe malungo anawatengera, Mwandida asanayambe n'kukwawa komwe. Mwamuna wawo yekha ndiye anali atakalamba, ndipo anachita manyazi ndi dazi lawo.

"Abambo a Mwandida, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera, kaya inu Anangozo?"

"Ndaswera. Phunziro simunamalize."

"Belu lalira."

"Kuno kulibe belu."

Nkhanu ya kutsogolo ija inakwezanso mkono. "Aphunzitsi, nanga mwana wa mkoko amapita kuti?"

Kale apa ndi pomwe a Jailosi ankapakonda. Mbewu ya mkoko imamera ikadali pa mayi wake, nkutalika ngati chitheba chonenepa. Ikalemera, mtengo umaitaya dala, imagwera m'madzi, mafunde nkuitenga mpaka ikapeze matope akeake. Yogwera pamthunzi wa kholo lake sikula. Iwo ankathothola imodzi nkuiponya m'madzi, ana onse nkumaibayibitsa mpaka isowe.

Tsikuli anayang'ana kumbali. "Sapita kulikonse. Amakhala pakhomo, kuthandiza bambo ake pagolosale."

Nkhanu zonse zinatsitsa mikono. Mayi Mwanaisha anasiya kuyeza. Kumwamba kunamveka kulira kwa nthambi, ndipo a Jailosi atakweza maso anaona mbewu zili lendelende mtengo wonse, zina zotalika ngati mikondo, palibe ndi imodzi yomwe yogwa. Nthambi zinali zitawerama mpaka kukhudza madzi.

"Chichokereni inu sizinagwe," anatero Mayi Mwanaisha. "Zikudikira mawu anu. Mtengowu ndauyeza, sufika mawa."

Pamenepo sutikesi inalankhula, mwaulemu ndithu. "Pepani bambo, ndikubanika."

A Jailosi anayang'ana pansi. Zala za kumapazi kwawo zinali zitatalika nkusanduka mizu, ndipo mizuyo inazungulira sutikesi mbali zonse ngati khola la nkhunda, ikufunafuna matope.

"Anangozo," anatero, nthabwala zitawathera, "nditapita kukakutengani kwathu, kuno tinabwera awiri. Ndinabwerera ndekha, khanda kumsana ngati mzimayi, anthu m'basi akundiseka. Gombe limeneli linadya kale kwa ine. Lidyenso kachiwiri?"

Anangozo sanasiye kuluka. "Mchombo wa mwanayu utagwa, munati tilibe dothi lathu kuno loti tiukwirire. Ndani anautenga m'kansalu nkudzaukwirira pansi pa kamtengo komwe anadzala yekha?"

"Ndinali ine. Ndi mtengo womwe mwakhalapowu."

"Ndiye mukudabwa chiyani akamafuna kubwera? Mwana amalondola mchombo wake. Mukanafuna wa pagolosale mukanakwirira pansi pa shelefu."

Nkhanu imodzi inaseka, inzake nkuigunda.

"Inu mwamuona akuyamba kuyenda," anapitiriza Anangozo. "Mwamuona akuguluka mano, mwamuona atavala gauni ya ku koleji. Ine ndinamusiya akununkha mkaka. Ndibwerekeniko, abambo a Mwandida. Nanenso ndimuoneko."

Madzi anayamba kuphwa. Ankabwerera mwakachetechete, kusiya matope akuda akuphulika timathovu. Mayi Mwanaisha anapinda tepi yawo.

"Lamulo la kuno mukulidziwa, Bwana Ndizi. Madzi akaphwa, chomwe chakhala pansi chimamera pomwepo. Mukafuna kuimirira, nthawi yake ndi ino."

A Jailosi anagwira maondo. Anayang'ana mkazi wawo, nkuyang'ana mbewu zija.

"Ana inu," anatero, "lija linali bodza. Mwana wa mkoko amapita komwe madzi amutengera. Kholo lake limangotsegula dzanja."

Anadzuka. Mizu inaduka umodziumodzi ngati munthu akuthyola zala. Kumwamba mbewu yoyamba inathothoka nkugwera m'madzi otsalawo kuti chubwi, kenako ina, kenako zonse pamodzi ngati mvula ya matalala, mtengo nkuwongoka. Nkhanu zinakweza manja kubayibitsa.

"Ababa."

Anali chiimire pakhonde pawo. Kutsogolo kwawo kunali Mwandida, maso ali psuu, nsapato zaulendo zili m'manja. Nkhuku zinali zouma. Kumsewu kondakitala ankakuwa.

"Ababa, buluku lanu lanyowa."

"Ndi thukuta. Ukauza anthu zina ndikakutsutsa kutchalitchi."

Linali litanyowa mpaka m'maondo, ndipo pomwe madzi analekezera panali mzere woyera wa mchere. A Jailosi anawerama, nkusenza sutikesi ija pamutu.

"Tiye, mpandowu wayamba kundipweteka msana. Ukakafika ukayende kamlatho mpaka kothera, pali mtengo waukulu. Ukagwade, ukatchule dzina lako mokweza, mayi ako khutu lamanzere linkawavuta."

Mwandida anawerama nkuyamba kuvala nsapato zija.

"Ndipo uzidyeratu m'mawa. Mikoko ya kumeneko sadya."

Basi itapita anabwerera okha, akuyenda pang'onopang'ono ngati munthu wosazolowera mapazi ake. Pakhonde, pamalo pomwe panali sutikesi, anapeza kankhanu kamodzi katakweza mkono.

"Funso lako ndayankha kale," anatero a Jailosi. "Tsitsa mkono, usendere uko ndikhale."