Sipika ya Kumanzere

Dennis, mwana wa achimwene anga a Pedro, anatsika minibasi ya ku Blantyre ndi makatoni ambirimbiri ngati munthu wothawa madzi osefukira. Ine ndinali pakhonde kudzikupiza ndi chivundikiro cha ndowa, poti mwezi wa Okutobala kuno ku Chikwawa ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa.

"Mkazi uja timamudikira wamuika m'katoni iti?" ndinamufunsa.

"Ndabwera ndi Mabingu, azakhali Maness."

Ndinaseka ndithu, koma kuseka kwa mano okha.

Inu ana a lero simungawadziwe Mabingu a Mbenje. Linali gulu loimba roko, nyimbo zija zaphokoso zomwe gitala imalira ngati mphaka wopondedwa mchira. Achimwene ndiwo ankaliza gitalayo, a Saulos ankamenya ng'oma, a Lazaro ankang'amba kukhosi. Ife tili atsikana, anaimba mu holo ya pa boma, anthu kudzaza mpaka m'mawindo. Munthu wina anabwera ndi makina ojambulira mawu, maikolofoni ena nkuwapachika kudenga pamwamba pa ife ovina. Chimbale chake chinamveka mpaka kutsidya ku Mozambique. Kaseti yathu ya chimbalecho inalira zaka ndi zaka mpaka inayamba kumveka ngati anthu akuimbira pansi pa Shire.

Tsono Dennis amagwira ntchito mu situdiyo. Anafufuza mpaka anapeza matepi oyambirira aja, aakulu ngati mbale. Akuti anawatsuka pa kompyuta, nkugawa mawuwo kuti azikuzungulira: oimba kutsogolo kwako, gulu la anthu kumbuyo, ngati waima pakati pa holo.

Vuto linali pa nyimbo yachitatu. Pamene gitala ya achimwene ikulira yokha, pamamveka mtsikana akukuwa kuti "Pedrooo!" kenako mawu ena omira m'phokoso. Mtsikanayo anali Evelesi, mnzanga wa ine, amene anadzakhala mlamu wanga komanso mayi wake wa Dennis. Achimwene akhala akuuza dziko lonse kuti Evelesi anakuwa kuti, "Pedro, ndiwe wanga!" Anazinena pa ukwati wawo. Ankazinena kumowa. Anazinenanso chaka chatha pa maliro a Evelesi, amayi a chigwirizano mpaka kulira mokweza.

Koma ine ndinaima phewa ndi phewa ndi Evelesi tsiku limenelo. Achimwene anali atabwereka buluku la a Saulos, munthu wa mimba ngati mgolo, ndipo akamadumpha ndi gitala bulukulo linkatsika pang'onopang'ono. Chimene Evelesi anakuwa ndi ichi: "Pedro, buluku lako likugwa!"

Basi. Chikondi chonse chija ndi chimenecho.

Chiimbireni foni Dennis kuti akubwera, achimwene sanakhazikike. Anameta ndevu kawiri. Alowe m'nyumba, atuluke, akayang'ane mbuzi, abwerere asanafike kukhola. M'mawa wa tsikulo anandipeza ndikutsuka mbale.

"Maness, mawu a Evelesi akundithawa. Nkhope ndili nayo pa chithunzi. Koma ndikati ndimve mmene ankandiitanira, m'mutumu muli zii."

"Nanga si ankakuitanani ndi chipande," ndinatero. Sanaseke.

Dennis anayamba kuyala katundu wake pabalaza. Masipika atatu kutsogolo, ina yonenepa pansi, awiri kumbuyo kwa mpando wa bambo ake. Mawaya kuti balala ngati maungu oyanga m'munda. Achimwene atatuluka kukasintha malaya, ndinamukoka mnyamatayo khutu ngakhale ali ndi ndevu zake.

"Iwe, unamvetsera bwinobwino zomwe amayi ako akunena mmenemu?"

Anayang'ana pansi. "Ndinamva, azakhali. Zikumveka ngati aima pomwe mwaimapo. Ali mu iyi ya kumanzereyi."

"Ndiye wabwera nazo dala? Ukufuna kuwavula bambo ako pamaso pa anthu?"

"Ndinafuna kufufuta. Dzanja linakana. Mawu a amayi amene tili nawo ndi okhawa."

Achimwene analowa atavala malaya oyera a ku tchalitchi, nkukhala pampando. Ndinaona kuti ndiyesere njira ya mwambo.

"Achimwene, izi sizili bwino. Mukuti m'masipika a kumbuyowa muli anthu a holo yonse. Kuyambira liti ife timafulatira alendo? Ndiye theka la anthu amenewo anatisiya kale. Amayi ankati chiyani? Mawu akakuitana kumbuyo, mwini wake osamuona, usayankhe. Tiyeni tizimitse awiriwa, timvere gitala yokha. Si gitala imene inatchuka?"

Ndinaona kuti mawu a amayi awalasa ndithu, poti anasuzumira kumbuyo kwa mpando ngati muli njoka.

"Sindiyankha," anatero. "Ndingomva. Dennis, yatsa."

"Dikirani ndikatenge madzi akumwa, ababa, chimbalechi n'chachitali."

Dennis atatuluka, ine ndinagwetsa dala mpango kuseri kwa mpando. Powerama kuti nditole, chala changa chinakodwa mu waya wa sipika ya kumanzere. Chinakodwa chokha, ine sindinachitume kwenikweni. Waya uja anazuka, ndipo ndinamukankhira pansi pa mkeka ndi chala cha kuphazi.

Nyimbo zinayamba. Abale inu! Ng'oma za a Saulos zinandimenya pamimba, mbale za m'kabati kuyamba kunjenjemera. Mawu a malemu a Lazaro anatulukira pakati, mpaka kupuma kwawo kumveka. Kudzanja lamanja kumbuyo anthu ankaimba mluzu, wina kutsokomola, wina kuitanitsa mtedza. Anthu oyandikana nafe anayamba kudzaza pakhomo. Achimwene zala zawo zinkayenda pa bondo, phazi likugunda pansi, koma khosi analipendeketsa cha kumbuyo, kudikira.

Nyimbo yachitatu inafika. Gitala inakwera yokha, kulira, kulira. Achimwene anasiya kugunda phazi. Malo aja anafika, nkudutsa. Kunangomveka kakuwa kakutali, kosadziwika kuti ndi ka munthu kapena ka mbalame.

"Bwezera," anatero achimwene.

Dennis anabwezera, nkhope itakwinyika. Chimodzimodzi.

"Bwezeranso."

Palibe.

Achimwene anaimirira pang'onopang'ono.

"Wati watsuka matepi. Watsuka ndi amayi ako omwe. Kwa iwe anali phokoso eti?"

"Ababa, ayi, analimo! Dzulo lomweli..."

"Pa kaseti yakutha ija ankandiitana dzina langa. Iwe ndi makina ako a ku Blantyre wamuika m'manda kachiwiri."

Anadutsa pakati pa anthu a pakhomo aja, nkukaima pansi pa mtengo wa mango, dzuwa likuswa mutu. Amati akhale pa chitsa, nkudzukanso. Amati aloze njira ya kumsewu, nkubwerera. Dennis anagwada pa kompyuta yake thukuta lili kamukamu, kudina apa, kudina apo, maso atafiira.

Ine ndinakhala pa mkeka uja, waya ali pansi pa thako langa, akunditentha ngati khala la moto. Ndimati ndikupulumutsa nkhani ya achimwene. Tsono taonani: munthu ndi mwana wake adana, ndipo Evelesi ndamukhalira.

"Dennis," ndinatero, "kodi m'nyumba muno makoswe munawathira mankhwala?"

"Azakhali, si nthawi yocheza ino."

"Ndikunena chifukwa ndaona khoswe wina wamkulu, wovala chitenje, akukoka chingwe ichi."

Ndinanyamuka, nkuvundukula mkeka. Anayang'ana waya, anayang'ana ine. Anatsegula pakamwa, koma anakumbukira kuti ndinamusambitsapo ali wakhanda. Anangolumikiza waya uja mwakachetechete.

Ndinapita ku mtengo wa mango.

"Achimwene, tiyeni. Mkazi wanu wapezeka. Anali pansi pa mkeka."

"Maness, ndilibe mphamvu ya nthabwala zako."

"Mwanayu sanalakwe. Waya ndi amene anazuka. Koma ndikuchenjezeni, mawu a anthu akale akatsukidwa amasintha. Mwina simumva zomwe mukuyembekeza. Mwina ndi bwino kungosiya."

Analowa m'nyumba, nkuima kuyang'ana mpando wawo. Kenako anaugwira, nkuutembenuza. Masipika atatu a oimba aja anakhala kumsana kwawo, awiri a gulu la anthu aja kumaso.

"Ababa, mwakhala mofulatira. Oimba amayenera kukhala kutsogolo."

"Kwa iwe. Ine tsiku limenelo Saulos anali kumsana kwanga, anthu kumaso kwanga. Mlongo wangayu ndi wabodza pa zambiri, koma apa wanena zoona: sindingamufulatire mkazi wanga. Yatsa."

Gitala inakweranso. Ine ndinagwira mpango kukamwa, miyendo ikufuna kuthawira kwa a neba. Ndipo kuchokera mu kabokosi kakuda ka kumanzere kaja, mnzanga Evelesi, mtsikana wa mawu akuthwa ngati lumo, anakuwa m'nyumba yake yomwe:

"Pedrooo! Pedro, buluku lako likugwa!"

Pambali pake panamveka mtsikana wina akuseka ngati fisi. Ameneyo sindimutchula.

Pakhomo paja wina anaphulika kuseka, mnzake nkumutseka pakamwa. Dennis anatseka maso. Ine ndinayang'ana achimwene, kudikira kuti agwe.

Anaimirira. Anagwira lamba ndi manja onse awiri, nkukweza buluku lawo mpaka pamchombo.

"Ndamva, mayi! Ndakweza!"

"Achimwene, musayankhe!" ndinakuwa.

"Ndikumuona pomwe waima, Maness. Cha pa windo lachiwiri, diresi yachikasu, iwe uli pambali pake kuwonetsa mano." Misozi inali chuchuchu mpaka pa kolala, koma mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

"Ndiye munkadziwa? Zaka zonsezi?"

"Ine ndinali ndi makutu tsiku limenelo. Holo yonse inkayang'ana gitala. Iye yekha ndi amene ankayang'ana ine."

"Nanga zija za ndiwe wanga?"

"Nanga pa maliro ukanafuna ndinene za buluku?"

Ndinakhala pansi. Zaka zonse zija ndinasunga chinsinsi cha munthu amene ankandisungira ine chinsinsi chomwecho. Ndinawauza kuti akanandiuza kale, bwenzi ndikuwaseka momasuka.

Achimwene sanandimve. Anali atakokera mpando pafupi ndi kasipika kaja, bondo kugunda tebulo lake. Anatambasula dzanja kumbuyo, osatembenuka, nkugwira mkono wa Dennis.

"Takhuta, mwanawe, zikomo kwambiri. Tabwezera pomwe paja."

Dennis anabwezera. Evelesi anakuwanso, achimwene nkukwezanso buluku. Pofika kachitatu, anthu onse a pakhomo anali kukuwa limodzi naye.