Mawotchi a kwa a Ndendende

Kuntchito ankawatcha a Ndendende poti sankachedwa, ndipo dzinalo ankalikonda ngakhale ankanamizira kudana nalo. Ntchito yawo inali yophunzitsa makompyuta akuluakulu, otchedwa maseva, kusunga nthawi. Seva iliyonse ili ndi khadi loilumikiza ku netiweki, ndipo khadi lililonse lili ndi kawotchi kakekake, kaliuma, kofuna kuyenda mwa iko kokha. A Ndendende ankakakamiza timawotchi tonseto kumvera wotchi imodzi yaikulu, yolandira nthawi kuchokera ku setilaiti kudzera pa mlongoti wa padenga.

Lolemba m'mawa ankayenera kuonetsa ntchitoyi kwa alendo a ku banki. Bwana anali atanena mosapsatira kuti zikayenda bwino, mpando wa mkulu wa chipinda cha maseva ukhala wawo. Mpandowo ankaufuna ndi mtima wonse, poti imvi zinali zitayamba kale kusuzumira.

Lamlungu masana, akazi awo atapita kukacheza kwa mng'ono wawo, anaima pabalaza n'kumayeseza zokalankhula, akuloza mipando yopanda anthu. "Mawotchi akagwirizana sindiye kuti akunena zoona! Funsani kaye kuti akumvera ndani!" Mawuwo anawatsekemera eni ake, mpaka anati ayesere pompo. Anatulutsa foni m'dirowa, momwe ankaiponya akangofika pakhomo, n'kuiyerekeza ndi wotchi ya pakhoma, ya pachitofu ndi ya kumutu kwa bedi. Zitatuzo zinkagwirizana bwinobwino, koma zonse zinali patsogolo ndi mphindi khumi ndi zisanu.

Anagwira pakamwa. M'nyumba ya katswiri! Anazibweza zonse msangamsanga, ndipo akazi awo atabwera sanawauze kanthu, chifukwa cha manyazi.

Kutacha anachita za masiku onse. Anamwa tiyi mofatsa, anapukuta nsapato kawiri, anasakasaka makiyi omwe anali m'thumba mwawo, n'kutuluka muvi wa wotchi ya pakhoma utafika pomwe umafika nthawi zonse. Pasiteji anapeza nkhope zachilendo zokhazokha.

"Basi yanu ija yapita kalekale, bambo," anatero wosesa mumsewu.

Anafika kuntchito thukuta lili kamukamu. Alendo anali chilili kutsogolo kwa sikirini yaikulu yomwe iwo eni anakonza kuti izionetsa nthawi ya seva iliyonse, mzere ndi mzere. Manambala onse ankasintha pamodzi, popanda wotsala.

"Makina anu akugwira, a Ndendende," anatero bwana. "Onse akuchitira umboni umodzi, woti mwachedwa."

Alendo anaseka, ntchito anaiyamikira. Koma za mpando bwana anangoti adzakambirana nthawi ina.

Madzulo anapeza akazi awo ataima kukhitchini, manja m'chiuno, maso pakhoma.

"Wagwira mawotchi anga ndani?"

"Anali olakwika, mayi."

"Sanali olakwika, anali anu. Chikwatiranireni, munatulukapo m'nyumba muno musanasake makiyi? Magetsi akazima, ya pachitofu amaitchera ndani? Batire ikatha, pampando amakwera ndani? Mumati dzina lija munalipeza nokha?"

A Ndendende anakhala pansi. Zaka zonsezi ankatumbwa kuti sachedwa, osadziwa kuti amayendera nthawi ya munthu wina. Anachita manyazi, komanso anawamvera chisoni mayiwo, omwe ankachita zimenezi mwakachetechete popanda wowathokoza. Anakoka mpando n'kukwera kuti abwezeretse muvi pomwe unali.

"Tsikani, mungagwe," anatero mayi. "Mwadziwa kale, ndiye muzingochotsera mphindizo m'mutu. Ndiisuntha ndekha inu mukusamba, ndipo sindikuuzani kuti ndi zingati."

"Nanga ndidziwa bwanji nthawi yeniyeni?"

"Imeneyo mukaipeza kuntchito. Mawa mukafika bwana asanafike, ndiye mukafunsenso za mpando uja."

A Ndendende anatsika, n'kuponya foni m'dirowa.