Manja a Aulikki

Chaka chimenecho amuna oimba besi anayamba kutha m'kwaya mwathu mmodzimmodzi ngati mano a nkhalamba. Woyamba anali Reino wokonza mapaipi. Tili pakati pa pulakatisi, foni yake inalira m'thumba, iye n'kuiyang'ana, n'kuvala chikhoti chake, ulendo osatsanzika. Sabata yotsatira anapita enanso awiri.

Kwathu kuno mwamuna aliyense anaphunzirako usilikali ali mnyamata, ndiye boma likamufuna limangotumiza uthenga pafoni, iye n'kunyamuka tsiku lomwelo. Pa wailesi ankati ndi maphunziro chabe. Maphunziro anji oti wopita sabwerako? Malire a dziko ali kuseri kwa nkhalango yomweyi, ndipo magalimoto a asilikali ankangolowera komweko usana wonse, makapu n'kumagundana okha m'kabati.

Ine ndine Kaisu, ndimaimba alito, ndipo pakamwa panga palibe chitseko. Woimbitsa kwaya yathu, Aulikki, ndi mnzanga wa paubwana. Mwamuna wake anamwalira kalekale, n'kumusiyira mwana mmodzi yekha, Ilmari, amene amaimba tenala. Tonse tinkadziwa kuti gulu la usilikali la Ilmari ndilo linali lotsatira kuitanidwa, koma panalibe wolimba mtima kunena zimenezo Aulikki akumva.

Chaka chilichonse chisanu chikafika, timaimba m'tchalitchi nyimbo yaitali yokumbukira amene anafa pa nkhondo yakale ija. Imayamba ndi ng'oma ndi mfuu, n'kukathera pa pemphero la mtendere. Ine chaka chimenecho sindinaifune m'pang'ono pomwe, ndipo ndinanena pa nthawi ya khofi.

"Iwe Aulikki, tisinthe nyimbo. Anthu mitima ili m'mwamba kale, iwe ukawaimbirenso ng'oma za nkhondo?"

"Imathera pa mtendere," anatero.

"Eya, koma njira yake imadzera kumanda."

"Kaisu, ukanamaimba mmene umalongololeramu, bwenzi pano tili otchuka dziko lonse."

Ilmari anaseka, banzi lili m'kamwa. "Azakhali, musade nkhawa. Ine sanganditenge, anaona kale kuti mfuti ndimaigwira ngati tsache."

"Meza kaye, chitsiru iwe," ndinamukalipira. Ena anaseka, koma amayi ake anangotola makapu n'kukatsuka.

Lamulungu la konsati kunacha kuli zii, chipale chofewa chitakwirira miyala ya pamanda a asilikali panja pa tchalitchi. Tikulowa m'kachipinda kovaliramo, tinapeza Aulikki ali chiimire pakhomo, dengu lili m'manja.

"Mafoni onse muno," anatero. "Lero palibe wotuluka pakati pa nyimbo."

Zimenezi anali asanachitepo. Bambo Veikko, nkhalamba ya besi imene inatsala chifukwa cha ukalamba, anakanda mutu. "Nanga akawafuna anyamatawa, mayi?"

"Adikira."

Ilmari anazengereza pang'ono, koma amayi ake atamuyang'ana anaponya yakenso. Aulikki anaika dengulo patebulo lathabwa m'kachipindamo n'kukoka chitseko. Chitseko chimenecho sichitsekeka bwino, aliyense amadziwa.

Anthu anadzaza tchalitchi mpaka ena kuima m'mbali mwa khoma, zikhoti osavula. Sindinaonepo khamu lachete chotero. Tinayamba. Ng'oma itagunda, mwana wina analira kumbuyo. Mzere wa besi unali ndi mipata, ndipo nkhalamba zotsalazo zinkakoka mawu ndi mphamvu zonse, mitsempha ili tong'o m'khosi. Ndinaimba gawo lankhondolo ndili ndi mkwiyo, ndinene zoona. Ndinakwiyira Aulikki, ndinakwiyira wailesi, ndinakwiyira ngakhale amene anapeka nyimboyo.

Kenaka tinafika pa gawo la mtendere, pamene ng'oma imaleka, limba n'kuleka, kutsala mawu a anthu okha, otsika ngati mayi akugoneka mwana. Ndi pamenepo pamene ndinamva kulira kwa foni yonjenjemera pathabwa. Inayamba imodzi. Ina inalandira. Posakhalitsa dengu lonse linali kulira kuseri kwa chitseko ngati njuchi mumng'oma.

Mayo ine! Ndinayang'ana anthu m'mabenchi, ndinaona amuna akugwira matumba awo, mayi wina atakakamira dzanja la mwamuna wake. Uthenga sunabwere kwa gulu limodzi ayi, unabwera kwa onse. Aulikki anamva, ndinaona pankhope pake. Koma manja ake anapitiriza kutitsogolera, pang'onopang'ono kuposa mmene tinaphunzirira, mpaka mpweya unkatithera. Tinafika nawo pa mawu omaliza.

Pa konsati imeneyi sitiomba m'manja. Nyimbo ikatha, woimbitsa amasiya manja ake m'mwamba pokumbukira akufa, ndipo palibe amasuntha, ngakhale m'busa amene, kufikira manjawo atatsika. Zimatenga kanthawi kochepa, ngati kapemphero ka chakudya.

Aulikki sanatsitse manja.

Tinadikira. Mafoni aja analeka, n'kuyambiranso. Abusa anatsokomola mwaulemu. Panja galimoto yolemera inadutsa, magalasi a mawindo n'kunjenjemera, kenaka inadutsa inanso. Anthu onsewo anakhala phee, amuna oitanidwawo ali pansi, ndipo ndikukhulupirira kuti akazi ambiri mmenemo ankapemphera kuti manjawo asatsike. Inenso ndinali mmodzi wa iwo, ine yemwe uja wolongolola.

Koma Aulikki ndi munthu wamkulu ngati ine ndemwe. Mikono inayamba kunjenjemera, thukuta likutsika m'masaya pamodzi ndi misozi. Dzanja lamanzere linagwa pang'ono, iye n'kulikwezanso, mano atalumana. Maso ake sanachoke pamzere wa tenala.

"Amayi," anatero Ilmari motsitsa mawu. M'tchalitchi mwachete chotero aliyense anamva.

Aulikki anapukusa mutu.

"Amayi, anthu akudikira."

Anapukusanso mutu ngati mwana wokana mankhwala. Mtima wanga unasweka, anthuni.

Pamenepo Ilmari anapereka buku lake la nyimbo kwa mnzake, n'kutuluka pamzere. Anatsika masitepe aja, nsapato zikumveka tchalitchi chonse, n'kukaima pamaso pa amayi ake. Anagwira manja awo onse awiri. Aulikki analimbalimba, koma mphamvu zinali zitamuthera, ndipo mwana wake anawatsitsa manjawo pang'onopang'ono mpaka m'mbali.

Mabenchi analira onse nthawi imodzi. Amuna anaimirira n'kuyamba kumanga mabatani a zikhoti.